Zaka zisanu n'zochepa kwa nkhokwe ya pakompyuta

Maina a odwala, malikisi a ophunzira ndi ndalama za kubanki masiku ano zimasungidwa mu pulogalamu imene akatswiri amaitcha database, ife tingoti nkhokwe. Eni pulogalamuyi akatulutsa mtundu watsopano amapitiriza kumata ziboo za mtundu wakale kwa zaka zingapo, kenako amaleka. Funso langa n'lakuti, kodi aleke liti?

Gulu lopanga PostgreSQL limatulutsa mtundu watsopano chaka ndi chaka, ndipo uliwonse limausamala zaka 5. Wa 9.6 unatuluka mu 2016 n'kusiyidwa mu Novembala 2021. Kampani ya Oracle inasiya MySQL 5.7 mu Okutobala 2023, patatha zaka 8. Microsoft imapereka zaka 10, koma nthawi ya SQL Server 2008 itatha mu Julaye 2019, zigamba za zaka zina zitatu zinali zogulitsa.

Ine ndikuona kuti zaka 5 n'zochepa. Kusamutsa nkhokwe si kungodina batani ayi. Uyenera kukopera zonse pambali, kuyesa ngati mapulogalamu ena odalira nkhokweyo akugwirabe ntchito, kenako kuimitsa ntchito kwa maola angapo. Zonsezi zimafuna katswiri, ndipo katswiri amafuna malipiro. Banki ya ku London ingathe kuchita zimenezi osamva kupweteka, koma ofesi imene inalandira kompyuta kuchokera kwa opereka thandizo amene anapita kalekale ingatani? Tisaganize kuti izi n'zakutali: DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, imayenda pa PostgreSQL.

Komabe opangawo ali ndi mfundo. Chiboo chimodzi chikapezeka, a PostgreSQL amachimata m'mitundu isanu nthawi imodzi, n'kuyesa uliwonse payekha. Tikati zaka zikhale 10, ndiye kuti mitundu ikhalanso 10, ndipo manja opangira zatsopano achepa. Tisaiwale kuti pulogalamuyi timaitenga ulere.

Nafenso ogwiritsa ntchito tili ndi mlandu. Mu Januwale 2003 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa Slammer kanalowa m'makompyuta pafupifupi 75,000 m'mphindi 10 zokha kudzera mu SQL Server 2000. Chigamba chake Microsoft inali itatulutsa kale miyezi 6 m'mbuyo, anthu sanachiike. Apatu sitinganene kuti eni ake anatithawa.

Ndiye tichite bwanji? Sikofunika kusamala mtundu uliwonse kwa zaka zambiri. Opanga asankhe mtundu umodzi pakapita zaka zingapo, alengeze poyera kuti uwu tiusunga nthawi yaitali, ina yonse izitha msanga. Wofuna zatsopano azithamanga nazo, wofuna bata akhale pa wosankhidwawo. Oracle inayamba njirayi mu 2024 ndi MySQL 8.4, umene inaulonjeza zaka 8. Opanga SQLite, kankhokwe kamene kali m'foni za ambiri a ife, analengeza zoti akufuna kukasamala mpaka 2050, ngakhale kuti iwo n'kagulu kochepa kwambiri.

Kumbali yathu, sukulu kapena chipatala chikamalandira pulogalamu, chifunse tsiku limene nkhokwe yake idzasiyidwe ndi amene adzalipire kusamukako. Mayankho awiriwa alembedwe m'pangano asanasaine.