ZA KU MUNDA: Dziwe Laling'ono Pafupi ndi Dimba

Sabata ino tikamba ndi alimi a kunsi kwa mapiri a Dedza, a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, m'dziko la Mfumu Kachindamoto.

Makhalidwe a madzi kwanuko muwadziwa bwino. Pa dzinja mitsinje ya Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi itsika m'mapiri ndi mphamvu nisefukira m'minda. Pofika Okutobala dambo lang'aluka, madzi ali patali. Mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, umamwa madzi a Namikokwe chifukwa anthu anawatchinga ndi kuwalondolera m'ngalande. Banja limodzi silingathe ntchito yotere, koma lingathe kukumba dziwe laling'ono pafupi ndi dimba, loti zamoyo za m'thengo zizimwapo pa chilimwe.

Wina afunsa, "Ndivutikirenji kumwetsa achule?" Yankho ndi lakuti zamoyozi ndi antchito osalira malipiro. Achule adya tizilombo toononga ndiwo usiku. Anamzeze ndi mileme awakha tizilombo touluka. Tombolombo agwira udzudzu, ndipo ana ake okhala m'madzi adya mphutsi zake. Njuchi zifuna madzi masiku otentha, ndipo ndizo zibereketsa maungu ndi mango. Madzi akasowa, onsewa amachoka kapena kufa.

MALO

Yang'anani tsopano pamene udzu ukali wobiriwira ngakhale dzuwa lakula. Dothi likhale la makande kapena lina lomata. Liyeseni chotere: nyowetsani pang'ono, mulipote ngati chingwe, mulipinde. Likathyoka, muli mchenga wambiri ndipo madzi adzathawa. Musakumbe m'khwawa momwe mupita madzi osefukira, pakuti dziwe lidzakwiririka ndi mchenga chaka chimodzi. Musatseke mtsinje, madziwo ndi a anzanunso, ndipo kutero kufuna chilolezo cha Boma. Yambani mwauza a nyakwawa ndi alangizi a zaulimi.

KAKUMBIDWE

Mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi akwanira. Mbali imodzi ikhale yakuya mita imodzi ndi theka. Kuyaku nkofunika, chifukwa kuyambira Meyi kufikira Novembala dzuwa ndi mphepo za kunyanja zingathe kumwa madzi pafupifupi mita yathunthu. Dziwe lofika m'mawondo liuma nthawi yomwe lifunika koposa. Mbali inayo ikhale yotsetsereka pang'onopang'ono, kuti njiwa ndi nkhanga zimwe, ndi kuti kanthu kakagwamo katuluke.

Dothi lotulukamo muumbe nalo khoma, mukulisinja ndi musi pang'onopang'ono. Siyani ngalande yotayira madzi akadzaza, ndipo pa khomapo bzalani vetiva. Mitengo ikuluikulu ikhale patali, mizu yake ingaboole khoma. Bango pang'ono pa ngodya imodzi ndi labwino pobisalamo mbalame. Namasupuni musaikemo ai. Aphimba dziwe lonse.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Madzi oima ali ndi zoopsa zake, ndipo amene sangathe kusunga malamulo awa, kuli bwino asakumbe.

1. Likodzo. Mazira ake atuluka mu mkodzo wa munthu wodwala, naswa m'madzi. Tizilomboto tilowa mu nkhono, ndipo patapita milungu ingapo tituluka tochuluka ndi kuboola khungu la amene aponda m'madzimo. Chotero munthu asakodze, asasambe, asachape m'dziwe. Popanda mkodzo kapena chimbudzi cha munthu, nkhono sizikhala ndi nthendayi.

2. Malungo. Udzudzu wa malungo ukonda timadzi tosaya toombedwa ndi dzuwa, monga m'mapazi a ng'ombe, ndipo nthawi yotentha dzira lisanduka udzudzu m'masiku 10 kapena osakwana. Mangani mpanda, ng'ombe ndi mbuzi zimwere m'mtsuko wosweka kapena m'bwato lakale kunja kwake. Ikani m'dziwe makumba kapena chilunguni pang'ono. Tinsomba tating'ono tidya mphutsizo. Alangizi a zansomba adzakuuzani kopeza mbewu. Usiku gonanibe m'masikito.

3. Ana. Mwana wokwawa angamire m'madzi ofika m'chigongono. Mpanda ukhale ndi chitseko, ndipo dziwe likhale patali ndi bwalo.

4. Ng'ona. Amene muli pafupi ndi nyanja kapena mtsinje waukulu, yang'anani mapazi m'matope madzi osefukira akaphwa. Mukaona chizindikiro, uzani a nyakwawa msanga.

5. Mankhwala. Pampu yopopera thonje kapena matimati isatsukidwe pafupi. Mankhwala pang'ono apha nsomba ndi achule onse.

Mau otsiriza apite kwa anyamata. Dziwe likakhala lokha m'dera louma, mbalame zonse zidzasonkhana pamenepo, ndipo ulimbo ndi malegeni zingazithe mwezi umodzi. Akatumbu ndi ng'azi adzatengako nsomba zina. Zimenezo musadabwe nazo, pakuti dziweli munakumbira zamoyo. Makolo ndi mafumu agwirizane kuti padziwe sasakirapo.

Sankhani malo mwezi uno, itanani anansi ndi makasu awo, ndipo mvula yoyamba ipeze khoma litalimba.

Sabata ya mawa tidzakamba za kubzala nthochi m'munsi mwa ngalande yotayira madzi.