Phwando Lotsazika Umbeta Lisakhale la Mowa Wokha

Mwambo watsopano wafala m'Lusaka. Mnyamata akatsala pang'ono kukwatira, anzace akale a kusukulu amasonkhana pa Cisanu, napita naye ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, kukatsazika umbeta kufikira pa Sabata.

Kukumananso kwa mabwenzi amene nchito inawabalalitsa nkwabwino ndithu. Koma taonani kusiyana kwace. Mkwatibwi amacoka ku phwando lace lochedwa kitchen party ndi miphika, mbale ndi mau a alangizi. Mkwati amabwerako ndi matsire ndi ngongole, cikhalirenico malowolo sanatsirize. Coipitsitsa, ena amayendetsa galimoto ataledzera pa mseu wa mapiri umenewo, kuiwala kuti kunyumba kuli namwali amene akudikira.

Pakati pa anzacewo alipo okwatira kale. Iwo ndiwo ayenera kukhala naye pansi ndi kumuuza zoona za banja: kusunga ndalama, kulemekeza apongozi ndi kuugwira mtima pakabuka mkangano. Ndalama za mowa wa usiku umodzi azisonkhe, amgulire katundu wa m'nyumba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Bwenzi leni-leni limaoneka pa Lolemba, mabotolo atauma.