Chipoka: Doko Lomwe Tidalitaya Tikuona

Dziko la Malawi lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi, ndiponso silidachite malire ndi nyanja yamchere. Pafupifupi dontho lililonse la petulo, dizilo kapena palafini limene timagwiritsa ntchito limatsika m'sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenaka limayenda ulendo wa makilomita mazanamazana kuti litipeze. Dziko lotere likadayenera kusamala njira zake zodzera mafuta monga momwe makolo athu ankasamalira chikuni cha moto m'nyengo yadzinja. Ife tachita zosiyana. Pafupifupi mtolo wonse tidausenzetsa msewu, ndipo malo okhawo m'dziko muno pamene njanji imakumana ndi nyanja tidawasiyira mchenga ndi dzimbiri. Malowo ndi Chipoka, doko limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa boma la Salima. Ndikunena mosapsatira mawu kuti uku n'kulakwa, ndipo wolipira kulakwaku ndi aliyense wokwera minibasi, wogayitsa chimanga kapena wogula thumba la feteleza.

Doko la Chipoka silidabadwe mwangozi. Mu 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Dona Ana udatsegulidwa, njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima kudzera pa Chipoka. Kuyambira pamenepo katundu wochokera ku Beira ankatha kutsika m'sitima yapamtunda n'kulowa m'sitima yapamadzi kupita ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga. Mu 1970 njanji ya ku Nacala idalumikizidwa pa Nkaya, ndipo mu 1979 njanji idachoka ku Salima n'kukafika ku Lilongwe. Tayang'anani mapu, awerengi: Chipoka ili pa mphambano ya madoko awiri a ku Mozambique, mizinda iwiri ikuluikulu ya dziko lino ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500. Palibe malo ena amene adadalitsidwa chotere.

Kufunika kwa dokoli kudaoneka bwino nthawi ya mavuto. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itakula, njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zidaleka kugwira ntchito chisadathe chaka cha 1984. Katundu wathu adayamba kuzungulira ku Durban, ulendo woposa makilomita 3,000, ndipo mitengo ya zinthu idakwera mochititsa mantha. Apa m'pamene boma, mothandizidwa ndi maiko akunja, lidatsegula njira yakumpoto. Mafuta ndi katundu wina ankatsika ku Dar es Salaam, kukwera njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, kudza pamsewu mpaka ku Chilumba, kenaka kuyandama panyanja mpaka pa Chipoka, pomwe njanji inkawalandira. Padamangidwa matanki osungiramo mafuta ku Chilumba ndi pa Chipoka. Panali sitima ya Ufulu yonyamula mafuta ndi ya Katundu yonyamula makontena. Mbewa yanzeru siikumba una wopanda mbuli, ndipo Chipoka ndiyo idali mbuli yathu.

Nkhondo ija idatha mu 1992. Mtendere utabwera ife tidaiwala msanga chimene chidatiopsa. Mu 1999 njanji idaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo mu 2010 sitima zapanyanja zidaperekedwa kwa kampani ya Mota-Engil. Sindikunena kuti kupereka ntchito kwa makampani n'tchimo ayi. Koma mwini munda akabwereketsa munda wake saleka kukauyendera. Maboma amene akhala akusinthana kuyambira 1994 adaonerera milatho ya njanji ikukokoloka, sitima zikukalamba, mchenga ukudzaza padoko kufikira sitima zolemera zidalephera kukocheza. Zonsezi sizidachitike usiku umodzi, zidachitika masanasana, chaka ndi chaka, nduna zikudutsa pamsewu wa M5 pafupi ndi dokolo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto imodzi yonyamula mafuta imatenga malita apakati pa 30,000 ndi 40,000. Bogi imodzi ya sitima yapamtunda imatenga malita pafupifupi 40,000. Choncho sitima ya mabogi 20 yokokedwa ndi injini imodzi kapena ziwiri imagwira ntchito ya galimoto zoposa 20, iliyonse ndi dalaivala wake, matayala ake ndi dizilo wake. Taganizani zachilendozi: tikuotcha dizilo wochuluka kuti tibweretse dizilo. Pamadzi ndiye zimapepukiratu, pakuti madzi sakumbika maenje ndipo safuna phula. Galimoto zolemerazi zikamakwera chitunda cha Chiweta kapena kudikirana pachipata cha Songwe ndi cha Mwanza, zimatafuna msewu umene tidaumanga ndi ngongole, ndipo imodzi ikagubuduzika anthu a m'midzi amathamangira kukatunga mafutawo ndi zigubu, osadziwa kuti akusewera ndi imfa. Gawo lina la malipiro a ulendowu limapita kwa eni galimoto a kunja, ndipo amalandira ndalama zakunja zomwe zija timati zikusowa.

Alipo ena amene amati vuto la mafuta m'Malawi si njira koma kusowa kwa ndalama zakunja. Akunena zoona, koma zoona zake n'zatheka. N'zoonadi kuti mizere ya galimoto imene tidaiona mu 2011, mu 2022 ndi mu 2024 idayamba chifukwa chosowa madola ogulira mafuta. N'zoonanso kuti kusowa kwa mafuta kudali limodzi mwa madandaulo amene adatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julaye 2011, tsiku limene tidataya miyoyo pafupifupi 20. Nanga munthu amene thumba lake lili lobooka, n'chifukwa chiyani asankhe njira yodula kuposa zonse? Wosauka ndiye woyenera kuwerenga tambala iliyonse. Dola imene tikadapulumutsa ponyamula mafuta ikadagula mafuta ena.

Ena amati doko la Chipoka n'losaya, ndipo madzi akaphwera sitima sizifika. Ichinso n'choona. Koma kodi ku Beira mchenga kulibe? Ulipo wambiri, ndipo eni doko amaukumba kawirikawiri chifukwa amadziwa phindu lake. Doko lililonse lili ngati chitsime cha pamudzi: chimafuna kufukulidwa. Kunena kuti tidalisiya chifukwa cha mchenga kuli ngati kunena kuti tidasamuka m'nyumba chifukwa idali yosasesa.

Palinso ena, makamaka achinyamata ophunzira, amene amati nthawi ya mafuta ikutha, tiyang'ane dzuwa. Boma la Salima lomweli ndilo likuwapatsa mphamvu zolankhulira, pakuti mu 2021 kampani ya JCM idatsegula kumeneko malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, ndipo mu 2022 idatsegula ena a mamegawati 20 ku Golomoti, m'mbali mwa njanji yomweyi. Izi n'zonyaditsa. Komabe magetsi a ku Golomoti sayendetsa lole ya fodya, ambulansi ya ku Chitipa kapena injini ya boti la msodzi wa usipa. Ndiponso zipangizo za magetsi a dzuwazo sizimera m'munda, zimadza m'makontena kuchokera kumadoko omwe aja. Kaya mawa tidzanyamula dizilo, kaya gasi wophikira woti apulumutse mitengo yathu ku makala, kaya mabatire, tidzafunabe njanji ndi doko.

Boma lidachita bwino kukhazikitsa bungwe la NOCMA mu 2010 ndi kumanga nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, zotha kusunga malita 60 miliyoni pamodzi. Koma nkhokwe ndi chinthu china, njira yokafikira kunkhokweko ndi chinthu chinanso. Mu 2024 sitima yapamtunda yonyamula mafuta idafika ku Lilongwe kuchokera ku Nacala patapita zaka pafupifupi 20, ndipo akuluakulu adailandira ndi nthungululu. Sitima imeneyo idadutsa pa Chipoka. Pakati pa nthungululuzo padafunika wina wofunsa kuti: bwanji mabogi ena osatsala pamenepa, mafuta ake n'kulowa m'sitima yapamadzi kupita ku Nkhata Bay ndi ku Chilumba? Kuchoka pa Nkhata Bay kufika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kumene galimoto siingafike ngakhale itafuna, zikadakhala zoyamba kupindula. Njira imene m'zaka za nkhondo inkatsitsa mafuta kuchoka kumpoto ingathe lero kuwakweza kuchoka kummwera, ndipo tsiku limene Mozambique adzavutenso ingathe kutembenuzidwa.

Zofunika pa Chipoka si zozizwitsa. Mchenga ukumbidwe, matanki akonzedwe, kanjanji kolowa padoko kalimbitsidwe, pagulidwe sitima imodzi yatsopano yonyamula mafuta, ndipo Nyumba ya Malamulo ilamule kuti gawo lodziwika la mafuta olowa m'dziko muno lizidzera panjanji ndi panyanja. Eni galimoto zonyamula mafuta adzadandaula, ndipo ena mwa iwo ali ndi mawu amphamvu kwa olamula. Adandaule, koma ntchito yawo siidzatha, pakuti sitima siikafika ku Ntchisi kapena ku Rumphi. Adzatenga mafutawo padoko ndi pa siteshoni n'kuwagawa m'maboma, ulendo wa tsiku limodzi m'malo mwa ulendo wa sabata.