Mendulo ya mfumu ya eni, mbiri ya makolo athu

Ife amene tikukhala ku Al Muraqqabat ndi madera ena a Deira tili pafupi ndi msika wa golide wotchuka padziko lonse, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena mwa abale athu ayamba kukonda zinthu zakale zasiliva. Zina mwa zimene zimakopa anthu ndi mamendulo okumbukira imfa za mafumu a ku Britain: Mfumukazi Victoria amene adamwalira pa 22 January 1901 atalamulira zaka 63, Edward VII mu 1910 ndi George V mu 1936. Kusunga zinthu zotere si kulakwa. Koma maganizo anga ndi akuti Mmalawi asanatulutse madirham ake, adzifunse kuti mendulo imeneyi ikafika m'nyumba idzawauza chiyani ana ake.

Mendulo ya maliro imasulidwa kuti itamande womwalirayo, ndipo zina zonse imasiya. Dziko lathu lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Victoria ali pampando. M'zaka zomwezo mudayamba msonkho wa nyumba, ndipo mu 1896 asilikali a boma la atsamunda adapha Inkosi Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko. Pankhope yasiliva ya mfumukaziyo simudzapezapo dzina la Gomani. Mwana wobadwira kuno, amene Ntcheu amangoimva m'nkhani, akaona mendulo yoteroyo yaikidwa pamalo aulemu popanda womufotokozera, adzaphunzira kulira maliro a eni asanadziwe a kwawo. Pantchito yanga yothandiza mabanja ndaona kuti ana okulira kunja amasunga mumtima chimene makolo achilemekeza poyera kuposa chimene angochinena pakamwa.

Pali mamendulo ena amene ayenera kutidetsa nkhawa koposa. Agogo athu ambiri adamenya nkhondo za 1914 mpaka 1918 ndi 1939 mpaka 1945 m'gulu la King's African Rifles, ndipo chipilala cha ku Zomba ndi mboni. Mamendulo awo adakali m'masutukesi m'midzi, ndipo njala ikavuta amatha kugulitsidwa pamtengo wa thumba la chimanga. N'chinthu chomvetsa chisoni kugula chikumbutso cha George V pomwe mendulo ya msilikali amene adamumenyera nkhondo, agogo anu enieni, ikutuluka m'banja.

Kwa amene akufunabe kugula, chenjezo nali. Mamendulo ambiri a maliro a Victoria adali achitsulo wamba choyera kapena amkuwa, ogulitsidwa motchipa kwa anthu onse. Siliva wa sterling amakhala magawo 925 pa 1,000, ndipo maginito samugwira. Musaipukute mendulo yakale kuti iwale, pakuti potero mtengo wake umatsika. Ndiponso musaiyese banki: wogula sapezeka tsiku limene kwanu kwagwa maliro kapena sukulu ikufuna fizi.

Choncho, abale ndi alongo, mukapita kumudzi patchuthi funsani akuluakulu za mamendulo a m'banja. Lembani dzina la mwini wake, nambala yake yausilikali ndi kumene adamenyera nkhondo, achikulire odziwa asanatisiye. Mukatero, mendulo ya Victoria ikhoza kukhala pambali pake, ndipo mwana akafunsa mudzamuuza mbiri yonse, kuyambira kwa Gomani.