Ana asamatsuke galimoto kuti aphunzire sayansi

Chaka cha sukulu ku America nthawi zambiri chimayamba cha mu Ogasiti, ndipo pakangotha milungu ingapo, Loweruka lililonse m'mawa ana a sekondale amaima m'mbali mwa misewu atanyamula zikwangwani, akukodola madalaivala kuti awatsukire galimoto. Ena amagulitsa makeke pakhomo la sitolo, ena amaphika chakudya chamadzulo m'holo ya tchalitchi n'kugulitsa matikiti, ena amazungulira nyumba ndi nyumba kupempha zitini ndi mabotolo opanda kanthu. Ambiri mwa anawa ndi a matimu opanga maloboti, ndipo akusaka ndalama zoti alowere mpikisano. Nyuzipepala za m'matauni awo zimawajambula akumwetulira, thovu lili mbuu m'manja, n'kulemba kuti taonani ana akhama. Ine ndikaona zithunzi zoterozo ndimachita manyazi m'malo mwa akuluakulu a dziko lolemera choncho.

Mpikisano wotchuka kwambiri wa ana a sekondalewa umayendetsedwa ndi bungwe la FIRST, lomwe analiyambitsa ndi Dean Kamen mu 1989 ku Manchester, m'chigawo cha New Hampshire. Kamen, yemwe ambiri amamudziwa chifukwa cha kanjinga ka mawilo awiri koyenda munthu ataimirira kotchedwa Segway, ankadandaula kuti ana a kwawo amadziwa mayina a akatswiri ampira koma sangatchule injiniya ngakhale mmodzi. Iye ndi Woodie Flowers, mphunzitsi wa payunivesite ya MIT, anaganiza zosandutsa uinjiniya kukhala masewera okhala ndi bwalo, oyimbira ndi ochemerera. Mpikisano woyamba unachitika mu 1992 m'holo ya masewera ya sukulu ina, ndipo munali matimu 28. Lero matimu apitirira 3,000, ndipo ena ndi a ku Canada, Turkey, Israel, Brazil, Mexico ndi Australia.

Kumayambiriro kwa Januwale bungweli limaulula masewera a chakacho. Ana amakhala ndi milungu yowerengeka yoti ajambule, adule zitsulo, alumikize mawaya ndi kulemba pulogalamu ya loboti yolemera makilogalamu oposa 50. Pabwalo maloboti atatu amalimbana ndi anzawo atatu kwa mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka, ndipo m'masekondi oyambirira loboti imayenda yokha popanda woiwongolera. Opambana amakakumana ku Houston mu Epulo. Mwana amene wadutsa m'zimenezi amatuluka akudziwa masamu ogwira ntchito, kuwotcherera, magetsi, kompyuta, komanso kupirira chinthu chikakana kuyenda usiku woti mawa ndi mpikisano. Palibe mphunzitsi wa sayansi amene angakane kuti awa ndi maphunziro enieni, mwina oposa amene mwana amapeza atakhala pa desiki.

Tsono tiwerengere ndalama. Kungolembetsa timu kumafuna madola pafupifupi 6,000. Apo simunagule aluminiyamu, mamota, mabatire ndi zida zodulira, simunalipire basi, malo ogona ndi chakudya cha ana makumi awiri kapena atatu kwa masiku atatu. Timu ikachita bwino n'kupeza malo ku Houston, chimwemwe chimasanduka nkhawa tsiku lomwelo, chifukwa pamafunikanso masauzande ena a madola m'milungu iwiri kapena itatu yokha. M'chigawo cha Michigan, chitini cha zakumwa chikabwezedwa kusitolo amakupatsa masenti 10. Kuti ana apeze ndalama yolembetsera yokhayo kudzera m'zitini, ayenera kutola zitini 60,000. Amene amatcha zimenezi maphunziro a khama ayambe wayesa kutola 600 zokha.

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo, ndipo ndisawanamizire kuti alibe. Amati mwana akalowa mu ofesi ya bwana wa kampani, atavala malaya a timu, n'kufotokoza chifukwa chake kampaniyo iyenera kuthandiza, waphunzira chinthu chimene injiniya aliyense adzachifuna: kulankhula, kulemba bajeti, kupirira akakanidwa. FIRST yomwe imapereka mphoto kwa matimu odziwa kuyendetsa chuma chawo. Zoona zimenezo. Mwana wazaka 16 amene waima pamaso pa akuluakulu n'kuteteza bajeti yake wapindula. Koma kuphunzira kupempha n'kosiyana kutalitali ndi kuuzidwa kuti ukalephera kupempha, chaka chino sayansi palibe. Palibe sukulu imene imauza ana kuti akapanda kugulitsa makeke okwanira, kalasi ya masamu itsekedwa. Luso lolankhula ndi a makampani lingaphunzitsidwe bwinobwino pa ndalama zowonjezera, zogulira makina atsopano kapena zoyendera ulendo wapadera, maziko a timu ali kale m'bajeti ya sukulu.

Ndiponso tisamanamizane kuti ana onse amapempha mofanana. Timu 254, yodziwika ndi dzina loti The Cheesy Poofs, ndi ya sukulu yolipira ya Bellarmine mumzinda wa San Jose, pakatikati pa Silicon Valley, ndipo kwa zaka zambiri yakhala paubale ndi malo ofufuzira a NASA otchedwa Ames. Yatenga ukatswiri wa dziko lonse kangapo. Sindikuwachitira kaduka, anawo amagwira ntchito molimbika ndipo maloboti awo ndi okongola. Koma mwana wa kumeneko akafuna wothandiza, amangofunsa bambo ake patebulo la chakudya, chifukwa bambowo kapena anzawo amagwira ntchito m'makampani a makompyuta. Mwana wa m'katauni ka alimi, kumene kuli malo omwetsera mafuta amodzi ndi sitolo ziwiri, amagogoda pa zitseko zomwezo zimene a timu ya mpira, a kwaya ndi a gulu loimba zitoliro agogodapo kale mwezi womwewo. Mwana wa m'dera losauka la mumzinda waukulu amatsuka galimoto za anthu amene nawonso akuwerengera tindalama ta lendi. Mwinanso Loweruka limenelo sangabwere n'komwe, chifukwa ali kuganyu yothandizira mayi ake.

Kusiyana kumeneku kumaonekera pabwalo. Kufikira mu 2019 lamulo linkati milungu isanu ndi umodzi ikatha, timu iliyonse itsekere loboti yake m'thumba lalikulu la pulasitiki, isaikhudzenso mpaka tsiku la mpikisano. Cholinga chinali choti onse akhale ndi nthawi yofanana. Matimu olemera anapeza njira yozembera yosaphwanya lamulo: ankapanga maloboti awiri ofanana, imodzi m'thumba, inayo yoyeserera usiku uliwonse. Osauka ankafika pabwalo woyendetsa wawo atangogwira zowongolera kwa maola ochepa. Lamulolo linachotsedwa, koma ndalama sizinasiye kulankhula. Amene ali ndi makina odula zitsulo molamulidwa ndi kompyuta, ndi mainjiniya khumi odzipereka madzulo aliwonse, sangafanane ndi ana amene ali ndi sowo, chobowolera chimodzi ndi mphunzitsi wotopa amene akuchita zonsezi popanda malipiro ooneka.

Gwero la vutoli ndi lakale kuposa maloboti. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu za boma ku America limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'dera momwe muli sukuluyo. Dera la nyumba zodula limakhala ndi sukulu yonona, dera la nyumba zotsika mtengo limakhala ndi sukulu yowonda. Makolo a ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, anakadandaula za zimenezi mpaka ku khothi lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1973, pa mlandu wa Rodriguez, majaji asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti malamulo aakulu a dziko satsimikizira munthu ufulu wa maphunziro. Chotero mukawonjezera kupemphetsa pamwamba pa dongosolo lotere, mukungokulitsa mpata umene unalipo kale, chifukwa dera lomwe lili ndi msonkho wochepa ndi lomwenso lili ndi opereka ochepa.

Wina asanene kuti ndalama kulibe. M'tauni ya Allen, ku Texas komweko, anthu anavota kuti sukulu yawo ya sekondale imangiridwe bwalo la mpira wawo uja wogundana atavala zisoti. Linatsegulidwa mu 2012, lokhala anthu 18,000, ndipo linadya madola pafupifupi 60 miliyoni. Pasanathe zaka ziwiri linatsekedwa kwa kanthawi chifukwa konkire inachita ming'alu, nkhani imene ikanafuna mainjiniya abwino, koma tisapite kumeneko. Ku Katy, kufupi ndi Houston, anatsegula lina mu 2017 la madola pafupifupi 70 miliyoni. Ndalama ya bwalo la ku Allen lokha ingalembetse matimu onse a maloboti a mpikisanowu padziko lonse kwa zaka ziwiri n'kutsalako chenje. Inde, makolo a ana ampira nawonso amasonkha, koma amasonkha bwalo lilipo kale, mphunzitsi wa mpira akulandira malipiro, basi ya sukulu ikudikira panja. Ndilibe chifukwa ndi mpira. Ndikungoti dera limene lingakwanitse zimenezo lasankha lokha kuti ana a sayansi azigwira ndowa ndi sopo.

Pali nkhani imodzi imene anthu amakonda kuitulutsa mkangano uwu ukafika apa. Mu 2004 anyamata anayi a pasukulu ya Carl Hayden mumzinda wa Phoenix, onse obadwira ku Mexico ndipo ambiri mwa iwo opanda zikalata zokhalira m'dzikolo, anapanga loboti yoyenda pansi pa madzi ndi mapaipi apulasitiki. Inawadyera madola pafupifupi 800 amene anapempha kwa amalonda a m'dera lawo, ndipo anaitcha Stinky chifukwa cha kununkha kwa guluu. Anapita nayo ku Santa Barbara n'kugonjetsa ophunzira a MIT, amene loboti yawo inadya madola pafupifupi 11,000. Nkhaniyi inalembedwa m'magazini ya Wired, kenako inasanduka buku ndi filimu. Omvera amawomba m'manja n'kunena kuti mwaona, ndalama si kanthu, chofunika ndi mtima.

Amene amanena zimenezi amasiyira nkhaniyi panjira. Cristian Arcega, amene anzake ankamuona ngati katswiri wa gululo, analowa yunivesite ya Arizona State koma analephera kumaliza, chifukwa mu 2006 anthu a ku Arizona anavotera lamulo lokweza fizi kwa ophunzira opanda zikalata. Oscar Vazquez anamaliza digiri ya uinjiniya, koma anachita kubwerera ku Mexico, ndipo zinatengera phungu Dick Durbin kulowererapo kuti aloledwe kubwereranso ku America. Enawo awiri anakalowa ntchito zina zosakhudzana ndi uinjiniya. Nzeru anali nazo, dziko lonse linaona, koma nzeruzo sizinawalipirire fizi. Ifenso kuno timachita chimodzimodzi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Timanyadira makina ake amphepo opangidwa ndi zitsulo zotola, n'kuiwala dala kuti anawapanga atachoka pasukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002. Mwana mmodzi akapulumuka mwa njira yodabwitsa, akuluakulu amamunyamula pamapewa kuti tisafunse za anzake mazana amene anamira mwakachetechete.

Makampani nawonso ndili nawo mawu. Boeing, General Motors ndi ena ambiri athandiza matimu kwa zaka zambiri, ndipo mainjiniya awo amene amathera madzulo awo akuphunzitsa ana a eni ndi oyenera ulemu. Koma kampani imathandiza kumene ili ndi fakitale, ndipo chaka chimene malonda avuta, thandizo la ana a sukulu ndi limene limayamba kudulidwa. Timu imene moyo wake wonse uli m'manja mwa kampani imodzi ingafe ndi kalata imodzi. Makampani omwewa ndi amene amadandaula chaka ndi chaka kuti dziko likusowa mainjiniya ndi amisiri. Walira mvula walira matope. Ngati akufuna amisiri, alipire msonkho wokwanira, ndipo akakamize aphungu kuti ndalamazo zifike ku sukulu zonse, kuphatikizapo zimene sizidzaika chizindikiro cha kampani yawo pa loboti.

Njira yake si yachilendo, ena anaiyamba kale. Boma la chigawo cha Michigan lakhala likuika ndalama m'bajeti yake zothandizira matimu a maloboti kulembetsa ndi kupatsa aphunzitsi awo kangachepe, ndipo chigawochi chili ndi matimu a sekondale a mpikisanowu ochuluka kuposa chigawo china chilichonse, kuposa ngakhale California imene ili ndi anthu ochuluka pafupifupi kanayi. Ku Michigan komweko ndi kumene mu 2009 anayamba kuchititsa mipikisano ing'onoing'ono m'maholo a sukulu zapafupi, kuti ndalama yolembetsera imodzi ipatse ana mwayi wosewera kawiri popanda ulendo wautali. Ku Minnesota, bungwe loyendetsa masewera a sukulu za sekondale linavomereza maloboti kukhala mpikisano wake, wokhala ndi chikho cha chigawo ngati masewera ena onse. Ana a ku Michigan sanabadwe ndi nzeru zoposa a kwina. Akuluakulu awo anangoganiza zolipira.

Chotero mukakumana ndi ana otere, kaya pamsewu wa ku Ohio kaya pa intaneti, apatseni zomwe muli nazo, chifukwa nyengo ya mpikisano siidikira kuti ndale zikonzeke. Koma mukatero musapite kunyumba mtima uli mbee ngati mwathetsa vuto. Pitani ku msonkhano wa komiti yoyendetsa sukulu, mukafunse kuti ndalama yolembetsera, malipiro a mphunzitsi ndi basi zili pa mzere uti wa bajeti. Akakuyankhani kuti ana akuphunzira kudzidalira, afunseni chifukwa chake phunziro limeneli saliperekanso kwa timu ya mpira.