CHENJEZO: Zikope Zikatupa, Musasiye Kumwa Imatinib

Abale athu a ku Moatize, Zóbuè ndi midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa Tete kupita ku Mwanza, tamverani. Ngati inu kapena m'bale wanu akumwa mapiritsi a imatinib, amene ena amawadziwa kuti Glivec, chifukwa cha khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukaemia, uthengawu ndi wanu.

Anthu ambiri omwa mankhwalawa amadzuka m'mawa zikope zitatupa, maso atachepa, nthawi zina misozi ikungolengeza. Dzuwa likakwera, kutupako kumaphwerako. Kuno kwathu n'kosavuta kunamizira fumbi la malasha, kapena kuyamba kuloza chala mnansi kuti walodza. Ayi ndithu. Imatinib amachititsa madzi kuunjikana pansi pa khungu, ndipo poti khungu la zikope ndi lopyapyala, kutupa kumayambira pamenepo.

Choopsa chenicheni ndi kusiya kumwa. Chivomerezereni mankhwalawa mu 2001, matenda amene ankapha m'zaka zochepa asanduka oti munthu n'kukhala nawo zaka zambiri, akulima ndi kulera ana ake. Koma mukasiya mankhwalawa popanda dokotala, khansayo imadzukanso, ndipo ikhoza kufika posamvanso mankhwala. Musadumphe tsiku. Musachepetse mapiritsi mwa nokha.

Pakhomo, chepetsani mchere m'ndiwo ndi nsomba zouma zamchere. Pogona sanjikizani mitsamiro kuti mutu ukhale pamwamba, ndipo m'mawa ikani kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira pa zikope. Musagule mapiritsi okodzetsa kapena mankhwala odontheza m'maso pamsika, ndipo musathire zitsamba m'maso. Auzeni adokotala anu za kutupako. Iwo ndi amene angakupatseni okodzetsa oyenera kapena kusintha mlingo.

Koma pali zizindikiro zosayenera kugona nazo. Mukaona thupi likulemera mwadzidzidzi m'masiku ochepa, miyendo kapena mimba zikutupa, mukubanika popuma, milomo kapena lilime zatupa, maso ayamba kuona mwachimbuuzi, thupi latentha, kapena magazi akutuluka m'mphuno ndi m'nkhama, nyamukani tsiku lomwelo. Madzi akhoza kukhala atafika m'mapapo kapena kumtima. Pitani kuchipatala chapafupi kapena ku Hospital Provincial de Tete, mutanyamula paketi ya mankhwala ndi khadi lanu lachipatala, ndipo musapite nokha.