Ndinalipira kudzamva munthu, koma ndinamva flash

Loweruka lapitali ndinafika pa geti 7 koloko madzulo chifukwa positala inati shoo iyamba 7 koloko. Eee, ndikudziwa, uchitsiru ndi wanga. Zaka zonsezi ndakhala mu Lilongwe muno ndimayenera kudziwa kuti 7 koloko ya pa positala ndi 11 koloko ya pa wotchi. Tikiti K15,000, kabaza popita ndi pobwerera, kuphatikizapo botolo limodzi lomwe ndinalifumbata ngati khanda mpaka linafunda. Kwa munthu amene wangoyamba kumene ntchito, ndalama imeneyi ndi ya ndiwo za masiku angapo, ndipo ndinaitulutsa mosanyinyirika poti woimba amene ndimamufunayo nyimbo zake ndimazikonda zedi.

Malowo sindiwatchula, woimbayo sindimutchulanso, chifukwa matendawa si a iye yekha. Anakwera pa steji 1 koloko itadutsa, patsogolo pake patadutsa anyamata ena ambiri amene ndinasiya kuwawerenga. DJ anadina batani, nyimbo ija yatizunguza mitu pa TikTok mwezi wonse uno inayamba, anthu tinakuwa. Mawu anali osalala, ofanana ndendende ndi a pa foni yanga. Pakati pa nyimbo yachiwiri mnyamatayo anatsitsa maiki, n'kutenga botolo la madzi, n'kuyamba kumwa. Mawu ake sanasiye kuimba. Munthu madzi ali kukhosi, kholingo likukwera ndi kutsika, koma m'masipika iye yemweyo akulira za chikondi mokoma. Ntchito yokhayo imene pakamwa pake panagwira usiku umenewo inali yotiuza kuti tikweze manja m'mwamba ndi kutifunsa ngati Lilongwe tilipo. Tinalipo, achimwene. Amene kunalibe ndinu.

Nyimbo zinayi, mphindi zosakwana 20, wapita.

Zimenezi dzina lake ndi kutibera m'maso muli gwa, ndipo ndatopa ndi kunamizira kuti ndi mmene zinthu zikuyendera masiku ano. Mukalemba pa positala kuti woimba wakutiwakuti adzaimba, mwandilonjeza chinthu chimodzi chimene sindingachipeze pa YouTube: mawu a munthuyo akutuluka m'chifuwa chake pa nthawi yomweyo, ine ndili pompo. Nyimbo yojambulidwayo ndili nayo kale. Ndinaigulira bandulo, ndaimvera m'minibasi, ndaimva kubabashopu, mwana wa aneba amaiimba m'bafa. Ngati zonse mukundipatsa ndi fayilo yomweyo pa sipika yaikulu, munthu n'kumadumphadumpha patsogolo pake, ndiye kuti K15,000 yanga yagula mwayi woona nsapato zake basi.

Ndisanapitirire, ndiyankhiretu aja akulemba kale kuti iwe sudziwa hip hop. Ndikuidziwa. DJ ndi rapa ndi banja lakalekale, ndipo palibe amene akunena kuti mnyamata aliyense wa ku Area 25 abwere ndi malipenga ndi kwaya. Vuto langa si DJ. Pali kusiyana pakati pa kuimba pa biti ndi kuimba pamwamba pa mawu ako omwe. Pulodyusa aliyense akamaliza nyimbo angathe kutulutsa kope lina lopanda mawu a mwininyimbo, kapena lokhala ndi mawu othandizira pa kolasi pokha. Pa kompyuta ndi ntchito ya mphindi zochepa, amangotseka mzere umodzi n'kusunga fayiloyo. Sizifuna ndalama ina. Woimba amene sapempha kope limeneli, n'kumapatsa DJ flash yokhala ndi nyimbo yomweyomweyo ya pa wailesi, wasankha dala kubisala. Akudziwa kuti mpweya umuthera pa vesi yachiwiri, kapena kuti mawu aja tinawakonda anawongoledwa ndi autotune ndipo kukhosi kwake kulibeko.

Tsono oimbawo ali ndi madandaulo awo, ndipo ena ndi oona. Bandi ndi yodula. Ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ofunika kulipidwa, malo ochitira pulakatisi, galimoto yonyamula zida, jenereta ndi mafuta ake magetsi akathima. Chilichonse chimene woimba gitala amagwira, kuyambira nsambo mpaka chingwe cholumikizira ku ampulifaya, chimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu zimenezi inauluka osateranso. Nayenso pulomota amawerengera zake. Akaika mayina 15 pa positala, dzina lililonse limakoka kagulu kake ka anthu, ndipo mayina 15 sangabwere aliyense ndi bandi yake, usiku sungakwane ngakhale kungoyesa zida. Njira yachidule ndi flash: aliyense nyimbo zitatu, wotsatira, wotsatira, mpaka kuche.

Masamu amenewa ndikuwamva. Chimene ndikukana n'chakuti zotsatira zake zizigulitsidwa ndi dzina la shoo. Ndipo umphawi asauike patsogolo kwambiri, chifukwa mumzinda womwe uno muli umboni wowatsutsa. Madalitso Band ndi anthu awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni. Zida zawo ndi babatoni ya nsambo imodzi yopanga okha, gitala ya nsambo zinayi, ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Akhala akuimba m'misewu ya Lilongwe yomwe ino zaka zambiri, ife tikuwadutsa tikuthamangira minibasi. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira m'maiko a ku Ulaya. Kumeneko sawaitanira zovala kapena mavidiyo. Amawaitana chifukwa akakhala pansi n'kuyamba, nyimbo imabadwa pomwepo, ndipo akasiya nayonso imasiya. Faith Mussa amatha kuima yekha pa steji ndi gitala ndi tizida take, phokoso n'kumveka ngati gulu. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yawo ya Linny Hoo inafika pa TikTok kumaiko amene nyimbo zathu zonyezimirazi sizinapondeko. Anali mawu a nkhalamba ya ku Chiradzulu, okalamba monga mwini wake, ndipo dziko linatchera khutu.

Ndiye mnyamata wa zaka 24, mapapo atsopano, andiuze kuti sangathe mavesi awiri popanda kudzibisa?

Chimene chikundiwawa kwenikweni si K15,000 ija. Ndili ndi msuweni wanga amene amamenya ng'oma. Anayambira kutchalitchi ali ndi zaka 11, pa ng'oma zong'ambika zomata ndi selotepi, ndipo sindikumukometsera chifukwa ndi m'bale wanga: mnyamatayo manja ake amaganiza. Akamva nyimbo kamodzi waigwira, manganje, rege, amapiano, zonse. Chaka chathachi anaitanidwa kukaimba kolipidwa kasanu kokha, ndipo katatu mwa maulendo amenewo unali ukwati. Oimba ena otchuka amamudziwa, amamutumizira ma voice note omutamanda, koma ikafika shoo amanyamula flash. Mwezi watha anandiuza kuti, ase, ine ndikupita ku Joni, mnzanga wandipezera ganyu yotsuka magalimoto. Ng'oma zake wagulitsa kale ku tchalitchi china cha ku Kawale.

Mmene zikutayikira nyimbo zathu ndi mmenemu, mwakachetechete, munthu mmodzimmodzi pa depoti ya basi. Bandi sinali chabe gulu loperekeza woimba, inali sukulu. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, anakulira mu Alleluya Band ku Balaka asanayambitse Zembani Band, ndipo m'manja mwake munadutsa anthu ngati Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Wendy Harawa. Munthu amayamba n'kunyamula masipika, kenako kuyankhira, kenako amapatsidwa nyimbo imodzi anthu asanadzaze, ndipo akamadzatulutsa chimbale chake amakhala ataimba kale pamaso pa zidakwa za m'maboma onse, zimene sizinyengerera munthu. Ma Blacks a ku Chileka, Evison Matafale atamwalira mu 2001, anthu ambiri ankati zathera pomwepo. Papita zaka zoposa 20 ndipo akuimbabe, chifukwa nyimbozo zinali m'manja mwa gulu, osati m'fayilo. Ukapita ku shoo yawo umabwerako miyendo ikuwawa, utavina maola, nyimbo imodzi ataitambasula mpaka utaiwala kuti unabwera ndi ndani. Lero mwana amene akufuna kuphunzira bezi akaphunzira kuti? Kwa ambiri kutchalitchi ndi kumene kwatsala, n'chifukwa chake oimba zida athu abwino pafupifupi onse mumawapeza Lamlungu m'mawa.

Nkhaniyi ikukhudzanso nyimbo zatsopano zimene zikutuluka. Sabata iliyonse foni yanga imadzaza: single yatsopano, vidiyo ikubwera, dinani linki. Sindikudandaula za kuchuluka kwake. Ndi chinthu chokoma kuti mtsikana wa ku Chinsapo angathe kujambula nyimbo m'kachipinda ka mnzake, pa laputopu ndi maiki imodzi, matiresi ataimikidwa kukhoma kuti phokoso lisabwerere, n'kuifikitsa kwa anthu popanda kugwadira aliyense wa pa wailesi. Makolo athu mwayi umenewu analibe. Koma mvetserani bwino nyimbo zambiri mwa zimenezi. Zimapangidwira masekondi 15 a pakati aja oti anthu avinire pa kamera, kwinako ndi kongodzazira. Palibe amene anaziyesa pamaso pa anthu zisanatuluke, palibe amene anaona kuti pa vesi yachiwiri anthu amayamba kuyang'ana mafoni. Nyimbo imene sinalembedwe kuti idzaimbidwe ndi pakamwa siimbika ndi pakamwa, ndiye mwini wake amathawira ku flash, ndipo poti flash yamupulumutsa, yotsatira amailembanso chimodzimodzi. Ikatha miyezi itatu palibe amene akuikumbuka, ngakhale mwini wake amaichotsa pa mndandanda.

Koma tisanamizane, ife omvera ndife amene tikudyetsa mwambo umenewu. Usiku uja, mnyamata uja akumwa madzi mawu ake akuimba okha, ndinatembenuka kuti ndione ngati wina wadabwa nane. Aliyense foni inali m'mwamba. Mtsikana amene anali pambali panga amajambula nkhope yake, steji ili kumbuyo kwake, milomo ikutsatira nyimbo. Ndinaseka ndekha, poti iye ndi woimba uja amachita ntchito imodzi, kusiyana kwake iye analipira pomwe winayo analipidwa. Nanenso ndisadziyeretse, kavidiyo kanga ndinajambula ndipo ndinakaika pa status ndi timoto titatu. Anthu 60 anakaona n'kuganiza kuti ndinanjoya. Pulomota akaona mavidiyo otere m'mawa mwake amadziwa kuti palibe chofunika kusintha. Bwanji alipire anthu asanu a bandi pamene ife tikukuwa mofanana ndi batani la DJ?

Tinazolowera zochepa mpaka tikuyesa kuti ndiye muyeso. Komatu tikapita ku Lake of Stars, kapena ku Tumaini ku Dzaleka, n'kuona gulu likuimba zenizeni, timabwerako tikusimba sabata yonse ngati taona chozizwitsa. Kukoma kwake timakudziwa. Timangochita manyazi kukufunsa kwathu kuno, Loweruka wamba, kuopa kutchedwa ansanje. Mawu amenewa apha zambiri m'dziko muno. Ukangoti mnyamatayu sanaimbe, ayamba: nsanje, iwe unatulutsapo chiyani, tiyeni tikweze zathu. Ine sindinaphikepo mu lesitilanti koma nsima yosapsa ndimaidziwa, ndipo kukweza zathu sikutanthauza kuombera m'manja munthu amene sanagwire ntchito imene tamulipirira.

Zimene ndikupempha si zakumwamba. Apulomota, lembani zoona pa positala. Ngati kuli bandi nenani kuti kuli bandi, ngati ndi DJ ndi maiki nenaninso, tisankhe tokha tikudziwa chimene tikugula. Chepetsani mayinawo, anthu anayi oimba mphindi 40 aliyense aposa khamu la anthu 15 odzangopereka moni. Oimba, pitani kwa pulodyusa wanu mawa lomwe mukatenge kope lopanda mawu anu, ndipo muziyeserera mukuthamanga pamalo amodzi mpaka mpweya uzolowere. Mukalakwitsa noti pa steji sitikuphani. Ine ndingakonde kumva mawu anu akusweka pa kolasi kusiyana ndi kuwamva ali bwinobwino inu mukumwa madzi. Ndipo ngati bandi yonse simungaikwanitse, tengani munthu mmodzi, wa gitala kapena wa ng'oma, mugawane naye kangachepe mwapezako. Alipo ambiri mumzinda muno amene akungodikira foni kulira.

Kumbali yanga, ndasiya kugula tikiti ndisanafunse. Ndizilemba pansi pa positi ya pulomota funso limodzi, kuli bandi kapena ndi flash, ndipo akapanda kuyankha ndizitenga kuti ayankha. Mukaliona funsoli musandisiye ndekha, lifunseninso, chifukwa munthu mmodzi amamubuloka koma anthu 200 amawayankha.

Msuweni wanga uja akukwera basi Lachinayi. Dzulo ndinapita kukamuthandiza kulongedza, ndipo m'chikwama, pakati pa majuzi, ndinapeza timitengo take tiwiri ta ng'oma, takuda m'mene amagwiramo. Ndinamufunsa kuti nanga iti ukatani nato kotsuka magalimoto. Anangozilanda n'kuzibwezera m'chikwamamo, n'kutseka zipi.